Buku la Wotchi ya M'chipinda Chapansi

Imelo inafika Lolemba pa 14 Ogasiti, nthawi ili 9:12 m'mawa. Amene anaitsegula anali mayi wa zaka 46 yemwe ofesi yonse, kuyambira alonda a pageti mpaka mkulu weniweni, inkamutchula kuti Masekondi. Dzinali analipata chifukwa munthu ukamuuza kuti msonkhano unayamba cha m'ma 10, iye ankafunsa kuti cha m'ma 10 wake uti, wakutsogolo kapena wakumbuyo.

Ntchito yake inali ya zivomezi. Makina a m'chipinda chapansi akamva nthaka ikugwedezeka, kaya pafupi kaya kutsidya kwa dziko, iye ankawerenga nthawi yeniyeni imene funde lafika, n'kutumiza manambalawo mwezi ndi mwezi ku Likulu lina lakunja. Likululo linkalandira manambala otere kuchokera ku masiteshoni zikwizikwi, n'kuwaphatikiza, n'kulemba m'kaundula mmodzi wa dziko lonse kuti chivomezi chakuti chinachitikira pakuti, kuya kwakuti, nthawi yakuti. Zolowa m'kaundulamo sizinkafufutidwa. Cholakwika chikapezeka ankachikonza, koma pambali pake ankalembanso chimene chinalakwika ndi chimene chinachititsa, kuti aliyense wotsegula aone.

Mayi wa ku Likulu amene analemba imeloyo anati iwo ayamba kubwereza zaka zakale chimodzichimodzi. Pa siteshoni inoyi, anatero, pali miyezi 14 imene manambala ake anaikidwa pambali kalekale chifukwa sankagwirizana ndi a masiteshoni oyandikana nawo. Ngati buku la wotchi la nthawi imeneyo likadalipo, anapempha kuti alijambule tsamba lililonse kuyambira Januwale wa chaka choyambacho, n'kutumiza pasanafike pa 29 Seputembala. Mwina manambalawo angapulumuke.

Masekondi anawerenga katatu. Kenako anadzuka n'kukatsuka kapu yake, yomwe inali yotsuka kale, kuti manja apeze chochita.

Miyezi 14 imeneyo ankaidziwa ngati mmene lilime limadziwira dzino lobooka. Pampando umene iye ankakhalapo tsopano pankakhala amuna ake. Masiku amenewo m'chipinda chapansi munalibe kompyuta. Munali dilamu yokutidwa ndi pepala imene inkazungulira pang'onopang'ono, singano ya inki yolemba mzere papepalapo, ndi wotchi yaikulu ya m'bokosi imene inkadula mzerewo mphindi iliyonse. Wotchiyo inali ndi nthenda imodzi, inkathamanga. Choncho 8 koloko m'mawa uliwonse, ngakhale Lamlungu, wowerenga ankatsegula wailesi n'kumvera kulira kwa nthawi yeniyeni, kumene kunkamveka bwino m'mawa mokha dzuwa lisanakwere, ndipo ankalemba m'buku kuti lero wotchi yatsogola ndi masekondi akuti. Powerenga pepala ankachotsera masekondi amenewo. Sizinali zachibwana. Funde la chivomezi limatha kudula makilomita asanu ndi atatu pa sekondi imodzi, ndiye ukaphonya ndi masekondi angapo wanyamula chivomezi pamene chinachitikira n'kukachiponya kwa eni ake ena.

Mkulu wa ofesi, amene aliyense ankamuti Dokotala, nthawi imeneyo anali asanakhale Dokotala. Anali mkulu wa gawo chabe, wa tayi yopyapyala, atangobwera kumene kuchokera ku maphunziro a miyezi itatu kunja, m'kamwa mutadzaza mawu atsopano. Pa 2 Epulo anatsikira m'chipinda chapansi, anasanthula buku la wotchi, n'kulemba kakalata ndi dzanja lake: kuyambira lero masekondi aziwonjezeredwa, osati kuchotsedwa, ndi mmene akuchitira anzathu otsogola. Amuna a Masekondi anatsutsa kamodzi. Anauzidwa kuti aliyense adziwe mpando wake. Kuyambira tsiku limenelo, wotchi ikatsogola ndi masekondi atatu, manambala ankapita ku Likulu ataphonya ndi sikisi.

Likulu litadandaula chaka chotsatira, kunakhala komiti ya anthu anayi, onse osadziwa kuti dilamu imazungulira chakuti. Amuna ake atafunsidwa ngati ali ndi chonena, za kakalata sanatchule. Anagwetsa nkhope n'kusayina. Kalata yowachotsa ntchito chifukwa cha kusasamala inalembedwa pa 16 Juni, ndipo anaitayipa ndi Masekondi yemweyo, chifukwa nthawi imeneyo anali taipisiti ndipo mnzake anali pa tchuthi. Makope atatu. Sanalakwitse ngakhale chilembo chimodzi.

Zaka 19 zinali zitadutsa. Amuna ake tsopano ankakonza mawotchi ndi marimoti pansi pa masitepe a nyumba ina ya masitolo pafupi ndi siteji ya basi, ndipo msewu wonse unkawadziwa kuti Amawotchi. Dokotala anapita kukaphunziranso, anabwera ndi dzina lakelo, anakwera mpaka pamwamba, ndipo chaka chilichonse ankakwera ndege kukalankhula pamisonkhano za kufunika kosamala manambala. Masekondi anatsala. Anaphunzira kuwerenga mizere Loweruka ndi Loweruka mpaka mpando wa m'chipinda chapansi unagwera iye. Zaka 11 zapitazo, akusuntha makatoni, anapeza buku la wotchi lija m'katoni yolembedwa kuti mabuku a alendo, kakalata kali m'kati mwa chikuto, katabayidwa ndi pini yadzimbiri. Sanauze munthu. Dandaulo lililonse la mu ofesimo linkathera patebulo la Dokotala, ndipo a ku unduna anali anzake odya nawo. Bukulo analikulunga m'pepala la pulasitiki n'kulibisa kuseri kwa dilamu yakale imene aliyense ankaopa kuinyamula. Chakukhosi chake ankachisamala ngati mmene ankasamalira makina, kuchipukuta fumbi, osachilola kuti chizime.

Chimene sankachimvetsa n'chakuti amuna ake anakhaliranji chete. Akawafunsa ankangoti, zinapita zimenezo amake Kadontho. Iye ankaona ngati ndi kufatsa kopitirira muyeso, ndipo masiku ena kunkamutentha kuposa Dokotala amene.

Lamulo la ofesi linali lakuti kalata iliyonse ya ku Likulu ionedwe ndi mkulu. Masekondi anapulinta imelo ija n'kukwera nayo masitepe. Dokotala anali atatsala ndi masabata 11 kuti apume pantchito pa 31 Okutobala, ndipo ankayembekezera kalata yomutsimikiza kukhala mlangizi wa komiti ya mayiko oyandikana yoona kuti manambala a masiteshoni ndi odalirika. Pakhoma anali atayamba kale kutsitsa zithunzi zake, pakutsala timabwalo toyera. Anawerenga pepalalo atalitalikitsa ndi maso, ndipo khutu lake lamanja linagwedezeka pang'ono.

"Mayi Masekondi, zakalezi n'zongotidyera nthawi. Ayankheni kuti mabuku anawonongeka ndi madzi chaka chija denga linadontha."

"Chaka chiti, bwana? Denga ladontha katatu."

"Sankhanipo chimodzi."

Anaseka yekha, n'kufunsa za moyo wa akunyumba, monga ankachitira nthawi zonse, osatchula kuti akunyumbawo ndi ndani. Masekondi anati ali bwino. Potsika masitepe anawerenga kuti kuchokera tsiku limenelo kufika pa 29 Seputembala panali masiku 46, ndipo mumtima mwake munali phee ngati m'chipinda chimene asesamo kumene.

Anayamba kujambula Lachitatu pa 16 Ogasiti, nthawi ya nkhomaliro, pa sikana, makina ojambulira mapepala a m'chipinda cha mapu. A mesenjala, bambo wachikulire wokonda kusuzumira, anafunsa ngati mayi akujambula setifiketi ya ukwati kuti akasinthe amuna. Iye anati akanakhala kuti amasinthitsa akanayamba ndi mesenjala. Bambowo anachoka akuseka.

Tsamba lililonse la bukulo linali la sabata imodzi. Zaka zonse 11 Masekondi ankalitsegula pa kakalata ndi masamba otsatira, a m'mbuyo sankawalabadira. Tsopano, popeza Likulu linafuna kuyambira Januwale, anayamba pa tsamba loyamba, ndipo maso a munthu wozolowera manambala sangodutsa. Wotchi yeniyeni imathamanga mosinthasintha, kukazizira imafulumira, kukatentha imachita ulesi. Masamba khumi oyamba anali otero: 2.1, 2.3, 2.4, 2.7, pambali pali timawu takuti wailesi yaphokoso, kapena magetsi anazima. Pa tsamba 11 zinasintha. Kuyambira Lolemba pa 10 Marichi nambala inkakwera ndi 0.1 tsiku lililonse, osaphonya, ngati ana oima pamzere. Cholembera chinali chimodzi, kupendekera kwa zilembo kumodzi, pambali popanda mawu alionse. Zinapitirira choncho masiku 23, mpaka pa 1 Epulo. Pa 2 Epulo nambala inalumpha ndi 0.9 kuti ikakumane ndi zoona.

Sanafunike kufunsa kalendala. Mwana wawo anabadwa Lamlungu pa 9 Marichi, wa miyezi isanu ndi iwiri, wolemera kilogalamu imodzi ndi magalamu 300, n'chifukwa chake mpaka lero, ali ku koleji, ankamuti Kadontho. Anakhala m'bokosi lagalasi la kuchipatala masabata atatu ndi masiku awiri. Chipatalacho chinali kutsidya lina la mzinda, mabasi awiri. Ndipo 8 koloko m'mawa uliwonse amuna ake ankakhala ataima pakhomo la wodi ndi fulasiki m'manja, akukangana ndi anamwino kuti awalole kulowa.

Anazimitsa sikana. Tsiku limenelo sanadye.

Loweruka m'mawa anapita ku masitepe kuja. Wosoka nsapato amene ankagawana malo ndi amuna ake anamulandira ndi chipongwe chake cha nthawi zonse, kuti alamu abwera kudzayendera ngati Amawotchi akugwiradi ntchito kapena akungoyang'ana miyendo ya odutsa. Masekondi anamuyankha kuti maso a amuna ake amaona zinthu zazing'ono zokha, ndiye wosoka nsapato asadandaule, ubongo wake auona. Kenako anamupempha kuti akamwe tiyi kaye. Wosoka nsapato anayang'ana nkhope yake n'kunyamuka.

Amuna ake anali atawerama pa wotchi yapamkono yotsegula kumsana, kagalasi kali padiso.

"Bambo a Kadontho, pa 10 Marichi chaka chimene mwana anabadwa, 8 koloko m'mawa, munali kuti?"

"Mukudziwa kumene ndinali. Ndinu munkandituma madzi otentha."

"Nanga wailesi ankamvera ndani?"

Anachotsa kagalasi, anakapukuta ndi malaya, n'kukaika m'kabokosi kake. Anafotokoza mosabisa, ndi mawu otsika chifukwa cha anthu okwera masitepe. Ankafika ku ofesi cha m'ma 11, wailesi itayamba kale kulira ngati mafuta m'chiwaya. Pepala ankasintha, inki ankathira, koma nthawi yeniyeni sankaimva. Wogwirizira panalibe, ndipo tchuthi anawakaniza. Mwana atatuluka m'chipatala, iwo anakhala pansi tsiku limodzi n'kudzaza mizere yonse 23 kuchokera m'mutu. Tsiku lotsatira ndi limene Dokotala anatsika kudzasanthula buku. Anaona, chifukwa ngakhale anali wopupuluma sanali wakhungu, koma sananene kanthu. Anasunga. Tsiku la komiti, m'khonde, asanalowe, anawagwira pachigongono ngati mnzawo wapamtima.

"Anati, achimwene, mukatchula kakalata kaja ine nditsegula tsamba 11. Wosasamala amapita kwawo ndi kalata. Wopeka manambala amapita ndi apolisi, ndipo mkazi wake amamutsatira pageti."

Mwina za apolisizo zinali zongoopseza, anatero amuna akewo, koma munthu wa mwana wa chaka chimodzi wodwaladwala sayesa madzi otero ndi phazi.

Masekondi ankayembekeza kuti akwiyira amuna ake. Anadzifufuza mumtima ndipo mkwiyowo sanaupeze. Chimene anapeza chinali chidani chomwe chija, chitangokula msinkhu. Zaka zonsezi ankadana ndi munthu amene analakwitsa n'kukankhira mnzake. Tsopano anadziwa kuti munthuyo anatenga masiku 23 amene mwana wake ankapuma ngati kambalame m'bokosi lagalasi, n'kuwapota chingwe chomangira bambo wa mwanayo pakamwa. Ndipo m'mawa uliwonse kwa zaka 19 ankamufunsa za moyo wa akunyumba.

Anawauza za imelo, za buku, za tsiku la 29 Seputembala. Amuna ake anamvetsera mpaka kumapeto.

"Zisiyeni, amake mwana."

"Dokotala atsala ndi masabata khumi. Akachoka ndi ulemu wake, wapita nawo."

"Apite nawo. Ine ndinazolowera kukhala munthu amene analakwiridwa. Mwana amandidziwa choncho, msewu uno umandidziwa choncho. Mukufuna ndikalambe ndili wabodza? Ndipo Kadontho adzamve kuti bambo ake anapeka manambala chifukwa cha iye?"

Kasitomala anafika ndi rimoti yomangidwa ndi labala, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Masabata otsatira anayesa njira zonse zimene munthu angayese. Anapanga foda ya masamba oyambira pa 2 Epulo okha. Koma tsamba 14 linali la sabata yoyambira Lolemba pa 31 Marichi: mizere iwiri yapamwamba inali yopeka, wachitatu unali tsiku la kakalata, ndipo kulumpha kwa 0.9 kunali pakati pawo, poonekera. Kulisiya tsambalo kunali kusiya tsiku lenileni limene mlandu wa Dokotala unayambira. Kuphimba mizere iwiriyo kunali kuchita zomwe zija zimene ankafuna kuyalutsa. Ndipo ankamudziwa Dokotala. Akangoona kuti masamba anayi akusowa, adzawatulutsa yekha pakamwa, n'kunena kuti mayiyu wabisa za mwamuna wake, ndiye mukhulupirira bwanji kakalata kamene wabweretsa? Chingwe chija chinali chikadali m'manja mwake. Njira yochidulira inali imodzi yokha, ndipo inkadutsa pa amuna ake.

Foda ija anaifufuta pa 6 Seputembala. Anajambula masamba onse 75 mwadongosolo, ndi kakalata mbali zonse ziwiri. Dokotala anamufunsa kawiri m'khonde ngati wayankha anthu aja, ndipo kawiri konse iye anati ayankha tsiku lisanakwane, zomwe zinali zoona. Kunyumba nkhaniyo sanaitchulenso. Ankadikira kuti mwina amuna ake anena okha kuti tumizani. Ankawayang'ana akamamwa tiyi, akamatsuka m'manja ndi sopo wochotsa mafuta, akamamvetsera mpira. Sananene.

Lachinayi pa 28 Seputembala, amuna ake akumanga zingwe za nsapato pakhomo, Masekondi anawauza kuti atumiza lero, masamba onse, ndipo sakufuna kuti adzamve kwa wina.

"Ndinakupemphani kamodzi," anatero iwo osadzutsa mutu. "Sindipemphanso."

Anatumiza 10:04. Imelo yake inali ya ndime zitatu. Yoyamba inati buku lilipo ndipo masamba onse ndi awa. Yachiwiri inati manambala a pa tsamba 11 mpaka mzere wachiwiri wa tsamba 14, kuyambira pa 10 Marichi mpaka pa 1 Epulo, sanachokere pa wailesi, wowerenga anawalemba pambuyo pake kuchokera m'mutu, ndipo asagwiritsidwe ntchito. Yachitatu inati kuyambira pa 2 Epulo mpaka pa 31 Meyi chaka chotsatira masekondi ankawonjezeredwa m'malo mochotsedwa, potsatira lamulo lolembedwa la mkulu wa gawo, lomwe chithunzi chake chili pamodzi ndi masambawo. Sanaikemo mawu ngati nkhanza kapena chilungamo. Monga mwa lamulo la ofesi, kope inapita kwa mkulu.

Nthawi ili 10:31 anamva nsapato pamasitepe a chipinda chapansi. Dokotala anali asanatsikeko zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo anaphonya sitepe yomaliza, yomwe inali yaifupi kuposa zinzake. Anatseka chitseko. Zinkaoneka kuti wangowerenga mzere woyamba n'kutsegula chithunzi cha kakalata, chifukwa anayamba ndi mawu ofewa. Anati mayi achita zinthu mopupuluma, koma zikhoza kukonzeka, angolemba kuti atumiza fayilo yolakwika. Masekondi anati fayilo ndi yomweyo. Pamenepo Dokotala anakoka mpando, anakhala, n'kutsitsa mawu.

"Mayi, bukuli simukulidziwa bwino. Muli zinthu zimene zingapweteke anthu a m'nyumba mwanu. Mwaonapo tsamba 11?"

"Tsamba 11 mpaka mzere wachiwiri wa tsamba 14, bwana. Zili m'ndime yachiwiri."

Dokotala anatulutsa foni m'thumba n'kuwerenga. Masekondi anamuyang'ana nthawi yonseyo osaphethira, chifukwa anali atadikira zaka 19 ndipo sankafuna kuti kanthu kamudutse. Anaona chala chikubwerera pamwamba kuti awerengenso. Anaona thukuta likutuluka pamwamba pa mlomo.

"Mwagulitsa mwamuna wanu kuti mundipeze ine?"

"Munali mutamugula kale. Ine ndangong'amba lisiti."

Anaopseza za kusamvera, za komiti, za unduna. Masekondi anati zonsezo azilembe, ndipo asaiwale tsiku. Pokwera masitepe Dokotala anagwira khoma.

Yankho la Likulu linafika Lachinayi pa 19 Okutobala. Mayi uja anathokoza m'mizere iwiri, n'kupereka manambala. Zowerenga 1,286 zinakonzedwa n'kubwezeredwa m'kaundula. Zowerenga 57 za masiku 23 aja zinatayidwa. Zivomezi 31 za m'chigawo zinasuntha malo, china ndi makilomita 44. Patsamba la siteshoni, limene aliyense padziko angatsegule, anawonjezera ndime yofotokoza zonsezi. Mayina sanatchule, anangoti wowerenga ndi mkulu wa gawo, koma chithunzi cha kakalata anachiika pomwepo, siginecha ili poyera, yomweyo imene inali pansi pa kalata iliyonse ya ofesiyo.

Zotsatira zake zinabwera mwakachetechete, monga zimabwerera m'maofesi. Pa 25 Okutobala a mesenjala ananong'oneza aliyense payekhapayekha, pomulumbiritsa kuti asauze wina, kuti komiti ya mayiko ija yalemba kuti nkhani ya mlangizi yaimitsidwa kaye. Pa 27 Masekondi analandira kalata yomusamutsira ku nyumba yosungira miyala kunja kwa mzinda, kuyambira pa 1 Novembala, chifukwa chosatsatira malangizo a mkulu. Anaiwerenga, anapeza kuti tsiku la imelo alilemba molakwika, analikonza ndi pensulo, n'kusayina kuti walandira.

Kunyumba kunali kozizira. Amuna ake ankamupatsa moni, ankanena ngati gasi watha, basi. Anali ataimbira Kadontho okha tsiku lomwe lija la 28 Seputembala n'kumuuza zonse. Mwanayo anabwera Loweruka lotsatira, anakhala tsiku lonse pansi pa masitepe akupatsira bambo ake timasikuluwu, ndipo kwa mayi ake anangonena kuti ulendo unali bwino.

Phwando lotsanzikana linachitika Lachiwiri pa 31 Okutobala, 3 koloko masana, m'chipinda cha misonkhano. Mlendo wa ku unduna anatumiza womuimira, ndipo womuimirayo analankhula mphindi zinayi. Mawu akuti kusamala manambala, omwe anali pa pulogalamu, palibe anawatchula. Masekondi anakhala mzere wakutsogolo, pampando woyang'anana ndi Dokotala, atavala diresi yake ya kutchalitchi. Keke anadya, n'kupempha chidutswa chachiwiri. Nthawi yogwirana chanza anaima pamzere ngati wina aliyense, ndipo atafika anagwira dzanja lija ndi manja awiri, mwaulemu wonse.

"Mupume bwino, bwana. Akunyumba ali bwino."

Dzanjalo linali lozizira, ndipo linachoka msanga.

Sanadikire zithunzi. Anakwera basi n'kukatsika pa siteji ija nthawi ili 4:50. Wosoka nsapato atamuona sanachite chipongwe, anangokumbukira kuti ulusi wamuthera n'kunyamuka. Masekondi anatulutsa pepala m'chikwama, ndime ya ku Likulu ija ataipulinta, n'kuliika patebulo pakati pa mawotchi. Amuna ake analiyang'ana kanthawi asanaligwire. Kenako anavala magalasi n'kuwerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Pa mzere wa mkulu wa gawo sanaime. Anaima pa wawo.

"57," anatero. "Ine ndinkayesa zinapitirira 100."

"Ndi 57. Ndinawerenganso ndekha."

"Ndipo izi 1,286 ndi zanga zomwe?"

"Zanu. Akuti singano munkaiwerenga bwino. Atachotsa masekondi aja zagwirizana ndi za anzathu onse."

Anapinda pepalalo kawiri, osalibweza, osaliikanso m'thumba. Pamwamba pawo anthu oweruka ankatsika masitepe, fumbi likugwera patebulo. Anafunsa ngati munthu uja amuona, ndipo Masekondi anati wamuona. Anafunsa ngati mtima wake tsopano wakhala pansi. Iye anaganiza kaye, chifukwa sankakonda kuyankha zinthu asanaziyeze, n'kunena kuti eya, wakhala.

"Mukanadziwa kuti m'nyumba mufika pamene mwafikapa, mukanatumizabe?"

"Ndinkadziwa, bambo a Kadontho."

Amuna ake anagwedeza mutu pang'ono, ngati munthu amene wauzidwa mtengo wa chinthu chimene sankafuna kugula. Anayamba kulongedza zida m'bokosi chimodzichimodzi. Masekondi anaima pambali, chikwama chili m'manja, osathandiza chifukwa sanapemphedwe, osachokanso chifukwa sanauzidwe kuti atsogole.